Alembi otchuka amene anavala magolovesi: ankafunanji mu ulingo wa nkhonya?

M'chaka cha 1923, Paul Gallico, mtolankhani wachinyamata wa nyuzipepala ya Daily News ya ku New York, anatumidwa ku Saratoga kumene Jack Dempsey ankakonzekera nkhonya yake ndi Luis Firpo wa ku Argentina. Dempsey ndiye anali ndi lamba wa dziko lonse wa sikelo yolemera kwambiri, ndipo ankadziwika kuti sanyengerera munthu ngakhale pa nkhonya yoyeserera. Gallico anaona kuti sangalembe zomveka za munthu wogwetsedwa ndi chibakera iye mwini asanalaweko, choncho anapempha kuti alowe naye mu ulingo kwa raundi imodzi. Akuti Dempsey anamuyang'ana n'kumufunsa ngati mkonzi wake wasiya kumukonda. Gallico sanali kamunthu ayi. Anali wamtali, wadzitho, ndipo pa yunivesite ya Columbia ankatsogolera timu yopalasa bwato. Zonsezo sizinathandize. Patangotha mphindi imodzi ndi masekondi 37 anali ali gada, miyendo itakana, mutu ukulira. Atatsitsimuka anakalemba zimene anamva m'thupimo, nkhaniyo inamutchukitsa, ndipo posakhalitsa anakhala mkonzi wa zamasewera. Patapita zaka anasiya utolankhani n'kuyamba kulemba mabuku a nthano amene anagulidwa kwambiri.

Gallico si yekha. Kwa zaka zoposa 200, alakatuli, alembi a nthano ndi a zisudzo ku Britain, France ndi America akhala akuika cholembera pansi n'kuvala magolovesi. Mpira uli nawo alembi ake, koma sunawakoke mtima monga yachitira nkhonya. Ambiri ankapitako kukafuna chigamulo chimene ntchito yolemba siipereka. Ukatulutsa buku wina alitama, wina alinyoza, ndipo ukhoza kufa usanadziwe ngati unali katswiri kapena unkangodzinamiza. Mu ulingo mulibe zimenezo: wagwa wagwa, woyimbira awerenga mpaka 10, nkhani yatha. Koma chimene ambiri anakumana nacho atalowa ndi phompho lomwe lili pakati pa munthu womenya nkhonya pofuna kusangalala ndi munthu amene nkhonyayo ndiye nsima yake.

Phompholi ndi lakale ngati magolovesi enieniwo. M'zaka za m'ma 1700, nkhonya za ku England zinali za zibakera zosavala kanthu, ndipo omenyawo anali amphawi, monga opha nyama, onyamula katundu padoko ndi opalasa mabwato, olemera ataima pambali kubetcherana ndalama. Jack Broughton, yemwe poyamba ankapalasa bwato pa mtsinje wa Thames, analemba malamulo oyamba a masewerawa mu 1743. Iye yemweyo ndiye anabweretsa zovala m'manja zokhala ndi zofewa m'kati. Sanazipangire akatswiri. Anazipangira ana a mabwana amene ankabwera kudzaphunzira kwa iye, kuti asamabwerere kwawo mphuno zitaphwanyika ndi maso otupa. Ndiye kuti chiyambire panali nkhonya za mitundu iwiri, ya magazi yomenyera ndalama, ndi ya maphunziro imene womenyayo ndiye amalipira. Pafupifupi alembi onse otchuka analowera khomo lachiwirili.

Mlakatuli wa ku England Lord Byron ndiye chitsanzo choyambirira chodziwika bwino. Anabadwa mu 1788 ndi phazi lopunduka, chinthu chimene chinamudya mtima moyo wake wonse, ndipo ankanenepa msanga. Kuvina sakanatha, kuthamanga sakanatha, koma kusambira ndi nkhonya zinkatheka. Ankaphunzira kwa John Jackson, yemwe anakhala katswiri wa England mu 1795 atagonjetsa Daniel Mendoza pomugwira tsitsi ndi dzanja limodzi kwinaku akumusasantha ndi linalo (malamulo a nthawiyo sankaletsa). Jackson anali ndi zipinda zophunzitsiramo pa Bond Street mu London, ndipo anthu apamwamba ankadzaza mmenemo. Byron ankamulemekeza kwambiri moti ankamutchula m'zolemba zake. Nkhani imene imasonyeza bwino chimene nkhonya inali kwa iye ndi ya maliro a mayi ake mu 1811. Mtembo ukunyamuka pa nyumba yawo ya ku Newstead, iye anakana kuperekeza. Anaima pakhomo mpaka anthu anazimiririka, kenako anaitana mnyamata wake wantchito kuti abweretse magolovesi. Mnyamatayo anaona kuti tsikulo bwana ankaponya zibakera zolemera kuposa masiku onse, mpaka anangotaya magolovesi n'kukadzitsekera kuchipinda.

Malamulo amene tikuwadziwa lero anasindikizidwa mu 1867: raundi ya mphindi zitatu, mphindi imodzi yopuma, masekondi 10 kwa wogwa, ndi magolovesi kwa aliyense. Anawalemba ndi John Graham Chambers, koma anatchedwa dzina la Marquess of Queensberry amene anawavomereza. (Bambo yemweyu ndiye anadzagwetsa mlembi Oscar Wilde pa milandu ya mu 1895 imene inathera kundende.) Malamulowa anachititsa nkhonya kuoneka yaulemu, yoti ingaphunzitsidwe m'masukulu ndi m'mayunivesite, ndipo alembi anachuluka. Arthur Conan Doyle, mwini wa nthano za Sherlock Holmes, ali mnyamata wophunzira udokotala anakwera sitima yosaka anamgumi yotchedwa Hope mu 1880, atanyamula magolovesi m'katundu. Woperekera zakudya m'sitimamo anamuputa kuti ayesane, ndipo Doyle anamutupitsa diso. Munthuyo m'malo mokwiya anayamba kuuza anzake kuti sanakhalepo ndi dokotala wabwino ngati ameneyu. Patapita zaka 30, Doyle anapemphedwa kukayimbira nkhonya ya Jack Johnson ndi Jim Jeffries ku America, koma anakana. George Bernard Shaw, mlembi wa zisudzo wowonda uja wosadya nyama, analembetsa dzina pa mpikisano wa osamenyera ndalama mu 1883 ngakhale sanapatsidwe mpata womenya. Atakalamba anapalana ubwenzi ndi Gene Tunney, amene anagonjetsa Dempsey mu 1926 ndi 1927, katswiri wokonda mabuku yemwe atolankhani ankamuseka chifukwa chowerenga Shakespeare. T.S. Eliot anaphunzirako nkhonya ku Boston ali pa Harvard. Vladimir Nabokov, ali wothawa kwawo wosauka ku Berlin, ankaphunzitsa anthu nkhonya ndi tenesi kuti apeze ya lendi.

Jack London ndi wovuta kumukamba, chifukwa mwa iye muli zabwino ndi zonyansa za mwambo wonsewu. Anakulira mu umphawi ku Oakland, ankamenya nkhonya pafupipafupi, ngakhale ndi mkazi wake Charmian amene sankamuopa. Nthano yake ya mu 1909, A Piece of Steak, imakamba za womenya nkhonya wokalamba amene akupita ku ulingo ndi njala chifukwa ogulitsa nyama akana kumukongoza, ndipo akugonja kwa mnyamata pamene panangotsala pang'ono kuti amumalize. Ndi mlembi wochepa amene anamvetsa chonchi kuti nkhonya ndi ganyu. Koma London yemweyo anali ku Sydney pa 26 December 1908 pamene Jack Johnson anathidzimula Tommy Burns n'kukhala munthu wakuda woyamba kutenga lamba wa sikelo yolemera kwambiri, ndipo analemba m'nyuzipepala kupempha Jeffries, mzungu amene kale anali ndi lambayo koma anali atapuma, kuti achoke kumunda kwake adzachotse kumwetulira pankhope ya Johnson. Jeffries anabweradi. Pa 4 July 1910 ku Reno, Johnson anamugwetsa m'raundi ya 15, ndipo usiku womwewo m'mizinda yambiri ya America munabuka zipolowe zimene zinapha anthu, ambiri mwa iwo akuda. London sanayambitse yekha moto umenewu, koma anaponyapo nkhuni zake, ndipo luso lake la kulemba silimuchotsera mlanduwo.

Panali mlembi wina amene analowa mu ulingo ndi Johnson pamaso pa anthu olipira pakhomo. Dzina lake lenileni linali Fabian Lloyd, koma ankadzitcha Arthur Cravan. Anabadwira ku Lausanne mu 1887, anali wamtali pafupifupi mamita awiri, ndipo mkazi wa Oscar Wilde anali mlongo wa bambo ake, chinthu chimene ankachilengeza paliponse. Ku Paris ankasindikiza kamagazini kake kotukwana ojambula ndi alembi anzake, n'kumakagulitsa yekha pa wilibala. Anali ndi dzina la katswiri wa France wa osamenyera ndalama, koma analipeza chifukwa omenyana nawo sanabwere. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka anathawira ku Barcelona, kumene anapeza Johnson, nayenso wothawa kwawo, lamba atalandidwa kale ndi Jess Willard ku Havana mu 1915. Onse awiri ankafuna ndalama. Pa 23 April 1916 anakumana m'bwalo lomenyanirana ndi ng'ombe. Cravan anangodzikunga, manja kumaso, osaponya kanthu, ndipo Johnson anamusunga mpaka raundi ya 6 kenako anamugwetsa, anthu akukuwiza. Ndalamazo zinamukwanira tikiti ya sitima yopita ku New York, momwe anakwera limodzi ndi Leon Trotsky. Mu 1918 anakwera kabwato pagombe la Mexico ndipo sanaonekenso.

Pamene pali nkhani yaitali ndi pa Ernest Hemingway, chifukwa palibe mlembi amene anamanga mbiri yake pa nkhonya ngati iye. Anali wamkulu thupi, wamphamvu, ndipo ankaikonda nkhonya moona mtima. Atafika ku Paris kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920 anaphunzitsa mlakatuli Ezra Pound kuponya zibakera, Pound akumukonzera zolemba. Koma diso lake lakumanzere linali lofooka chibadwire, miyendo inali yolemera, ndipo sanamenyepo nkhonya ya ndalama. Ambiri amene ankayesana nawo anali anzake olemba ndi ojambula, anthu oti sanamenyedwepo chiyambire.

Kenako kunabwera Morley Callaghan. Awiriwa anadziwana ku nyuzipepala ya Toronto Star mu 1923, ndipo mu 1929 Callaghan anafika ku Paris ali mlembi wongoyamba kumveka. Anali wamfupi, wonenepa pang'ono, wosaopsa poyang'ana. Kusiyana kwake kunali kwakuti ali pa yunivesite ku Toronto ankayeserera ndi anyamata odziwadi nkhonya. Anayamba kukumana pa American Club, ndipo Callaghan anaona msanga kuti mnzakeyo amaganiza za nkhonya kwambiri kuposa mmene amaidziwira. Ankamulowa pansi, n'kumamugunda pakamwa mobwerezabwereza. Tsiku lina Hemingway, milomo itang'ambika, anamulavulira magazi kumaso, kenako n'kunena kuti ndi mmene amachitira omenyana ndi ng'ombe akavulala. Callaghan anangoti kakasi, koma anapitiriza kubwera.

Tsiku lotchukalo anabwera ndi mlembi mnzawo F. Scott Fitzgerald, yemwe anapatsidwa wotchi kuti azisunga nthawi. Malinga ndi Callaghan, raundi yachiwiri ili m'kati Hemingway anayamba kulowa mosasamala, pofuna kuonetsa mphamvu pamaso pa mnzake, ndipo anakumana ndi chibakera cha pachibwano chimene chinamukhazika pansi chagada. Apo ndi pamene Fitzgerald anafuula kuti waiwala wotchi, raundi yapitirira ndi mphindi yathunthu. Hemingway anadzuka n'kumuuza mokalipa kuti ngati akufuna kumuona akumenyedwa angonena, koma asanamizire kuiwala. Zikanathera pomwepo, pakuti kugwa pa nkhonya yoyeserera ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku ndipo m'majimu palibe amene amachiwerengera. Koma kumapeto kwa chakacho nyuzipepala ina ya ku New York inalemba mokokomeza kuti Callaghan anamukomola Hemingway. Callaghan anatumiza kalata yotsutsa, koma isanatuluke analandira telegalamu yochokera kwa Fitzgerald yomulamula kuti akonze bodzalo, ndipo anayankha mwaukali asakudziwa kuti wakankha Fitzgerald kuti aitumize ndi Hemingway. Ubwenzi wa anthu atatu unasweka chifukwa cha mphindi imodzi.

Chochititsa chidwi ndi mmene mphindiyo inakulira m'kamwa mwa Hemingway. M'kalata yopita kwa mkonzi wake Maxwell Perkins anafotokoza kuti tsikulo anali atadya nkhomaliro yaikulu ndi vinyo wambiri, kuti anagwirizana maraundi a mphindi imodzi yokha, ndipo Fitzgerald anailekerera mpaka kuyandikira mphindi zinayi. Patapita zaka zoposa 20, polembera munthu amene ankalemba mbiri ya Fitzgerald, raundi ija inali itafika mphindi 13. Munthu ameneyu anapulumuka mabomba pa nkhondo ku Italy, anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1954, koma chibakera chimodzi cha mnzake wamfupi chinamukhala pamtima mpaka ukalamba.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo atatchuka anthu ankamuputa dala. Mu 1936 ku Key West, mlakatuli Wallace Stevens, bwana wa kampani ya inshuwalansi wa zaka 56, atamwa ananyoza Hemingway paphwando pamaso pa mlongo wa Hemingwayo, kenako anakumana panja. Stevens anamugunda pachibwano n'kudzithyola dzanja, ndipo Hemingway, wocheperapo ndi zaka 20, anamugwetsera m'chithaphwi. Analonjezana kuti asauze munthu, koma Hemingway anakalemba zonse m'kalata kwa mnzake. Ngakhale pokamba za mabuku ankayankhula ngati ali mu ulingo. M'nkhani imene inatuluka mu 1950 anauza mtolankhani Lillian Ross kuti alembi akale otchuka Turgenev ndi Maupassant anawagonjetsa, ndi Stendhal analepherana, koma Tolstoy yekha sangayerekeze kulowa naye. Akatswiri enieni ankamuona mwina. Dempsey anadzanena pambuyo pake kuti ku Paris ankalola anthu otchuka ambiri kuyesana naye, koma Hemingway ankamupewa, chifukwa ankaona kuti adzatuluka pakona ngati wamisala ndipo kuti amuimitse adzayenera kumupweteka.

Mawu a Dempsey akufotokoza chimene ambiri oonera sachidziwa. Katswiri akalowa mu ulingo ndi munthu wamba, ntchito yake yaikulu ndi kumusunga kuti asavulale. Mphamvu si imene imawasiyanitsa kwenikweni. Munthu wosazolowera akaona chibakera chikubwera amatsinzina, amatembenuza mutu, amagwira mpweya. Katswiri anaphunzitsa thupi lake kwa zaka kuti maso akhale otsegula, aone phewa la mnzake likungoyamba kusuntha, asendeze mutu pang'ono chabe. Chibakera chimene chimakomola si cholemera kwambiri ayi, koma chimene sunachione, makamaka cha pachibwano, chifukwa chimapotoza mutu mwadzidzidzi ndipo ubongo umagwedezeka m'chigaza. Ndiye pali mpweya. Mphindi zitatu zimaoneka zochepa ukakhala pampando, koma munthu wamantha, minofu yonse itakungika, amatha mphamvu mphindi yoyamba isanathe, magolovesi n'kuyamba kulemera, manja n'kutsika okha. Zili ngati wa m'tauni amene wapita kumudzi pa tchuthi n'kutenga khasu pambali pa anthu olima tsiku ndi tsiku: mizere iwiri yoyamba amaoneka ngati akutha, ndipo eni mundawo amachepetsa liwiro mwaulemu. Vuto limabwera mlendoyo akayamba kukhulupirira kuti akupikisanadi. Pa nkhonya, wophunzira amene waponya chibakera chenicheni amadzutsa chizolowezi cha katswiri chobwezera asanaganize.

George Plimpton anazimvetsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake nkhani yake imakoma kuposa za Hemingway. Anali mkonzi wa magazini ya zolembalemba ya Paris Review, mwana wa banja lolemera la ku New York, wamtali, wowonda, wa mphuno yosachedwa kukha magazi. Analembera Archie Moore kumupempha maraundi atatu kuti alembe nkhani ya magazini ya Sports Illustrated, ndipo anakumana mu 1959. Moore anali ndi lamba wa dziko lonse wa sikelo ya makilogalamu 79, yomwe ankamenyamo Lottie Mwale wa ku Zambia ndi Isaac Chilemba. Anali atapitirira zaka 40, ndipo pa moyo wake anakomola anthu oposa 130. Mwezi wa December 1958 ku Montreal anali atagwetsedwa katatu m'raundi yoyamba ndi Yvon Durelle, n'kudzuka, n'kudzamukomola m'raundi ya 11. Plimpton anakonzekera kwa miyezi ndi George Brown, mphunzitsi amene ankayeserera ndi Hemingway. Tsikulo lisanafike, mnzake wina wolemba, Peter Maas, anakanamiza Moore mwanthabwala kuti mnyamatayo anali katswiri wa m'mayunivesite ndipo akufuna kumuchititsa manyazi pagulu. Moore analowa mu jimu ya Stillman's ali tcheru. Sipanatenge nthawi kuti aone kuti palibe choopsa, koma mphuno ya Plimpton inali itaphulika kale, magazi ali chuchuchu, misozi ikutsika yokha. Kuyambira apo Moore ankangomukumbatira ndi kumunong'oneza kuti apume bwino. M'raundi yomaliza Brown anakankha muvi wa wotchi kuti belu lilire msanga. Plimpton analemba zonsezi osabisa, misozi yomwe, ndipo owerenga anaona kukula kwa Moore kudzera m'kuchepa kwa wolembayo. Kwa ine apa ndiye pamene mwambo wa alembi ovala magolovesi unapindula kwambiri.

Norman Mailer anaima pakati pa awiriwa. Anatengera kudzitama kwa Hemingway, ndipo ukali wake sunathere mu ulingo: mu 1960 anabaya mkazi wake Adele Morales ndi mpeni paphwando, mwana wa bambo yemwe anamuphunzitsa nkhonya, ndipo mu 1971 anagunda mlembi mnzake Gore Vidal ndi mutu asanalowe pa pulogalamu ya pa TV. Zimenezi si zoseketsa ndipo siziyenera kukambidwa ngati mbali ya luso. Komabe pa nkhonya yeniyeniyo anali wophunzira wodzichepetsa kuposa mmene mbiri yake imanenera. Anagwirizana ndi José Torres wa ku Puerto Rico, amene anatenga lamba wa dziko lonse mu 1965 pogonjetsa Willie Pastrano, kuti azisinthana maphunziro. Torres ankamuphunzitsa nkhonya, iye akumuthandiza kulemba. Phindu linaoneka mbali zonse, chifukwa Torres anadzalemba mabuku awiri, lina la Muhammad Ali ndi lina la Mike Tyson, ndipo ankalemba m'nyuzipepala. Mailer anapitiriza kupita ku jimu ya Gramercy Loweruka m'mawa mpaka atayandikira zaka 60.

Mu 1974 iye ndi Plimpton anali ku Kinshasa pa nkhonya ya Ali ndi George Foreman, imene Pulezidenti Mobutu anaiitanira ku Zaire (lero ndi DR Congo), aliyense mwa omenya nkhonya awiriwo atalonjezedwa madola 5 miliyoni. Inayenera kuchitika mu September, koma Foreman anachekeka pamwamba pa diso poyeserera ndipo inasunthidwira pa 30 October. Pa masiku odikirawo Mailer, wa zaka 51, anapempha kuthamanga ndi Ali m'bandakucha ku Nsele, kumene Ali ankakonzekera. Anafika atadya ndi kumwa usiku wonse, ndipo asanapite patali anatsalira. Akubwerera yekha mumdima anamva mkango ukubangula pafupi, ndipo m'mantha momwemo anayamba kudzitonthoza kuti kudyedwa ndi mkango mu Africa ndi imfa yoyenera mlembi wamkulu, yoti ngakhale Hemingway akanaisirira. Atafotokozera anthu a Ali anamuseka: mkangowo unali wa m'khola la zinyama la Mobutu. Anailemba yekha nkhaniyi m'buku lake la The Fight la mu 1975. Hemingway sakanailemba.

Mailer yemweyo anali pafupi ndi zingwe ku Madison Square Garden pa 24 March 1962 pamene Emile Griffith anapanikiza Benny Paret pakona m'raundi ya 12 n'kumuponyera zibakera zotsatizana, woyimbira akuchedwa kulowerera. Paret anamwalira patatha masiku 10, ali ndi zaka 25. Anali mnyamata wa ku Cuba wochokera m'minda ya nzimbe, wosadziwa kulemba ndi kuwerenga. Zimene Mailer analemba za usikuwo zimawerengedwabe m'makalasi ophunzitsa kulemba. Pamenepa m'pamene kusalingana kwa mwambowu kumaonekera poyera: wina anapeza ndime zosaiwalika, wina anasiya mkazi ndi mwana. Mlembi Joyce Carol Oates, amene sanavalepo magolovesi koma ankapita kukaonera ndi bambo ake ali mwana, anakana m'buku lake la mu 1987 kuitenga nkhonya ngati fanizo la moyo kapena la kulemba, ndipo ananena kuti mpira anthu amasewera koma nkhonya sasewera. Mlembi akalephera amataya pepala n'kuyambanso mawa ndi ubongo womwewo. Womenya nkhonya alibe mwayi umenewo.

Alipo ochepa amene analowera khomo lina lija, ndipo mayina awo samveka ngati a Byron ndi Hemingway. Leonard Gardner anakulira ku Stockton ku California, anamenyako nkhonya ali mnyamata, ndipo buku lake la Fat City la mu 1969 lilibe katswiri ngakhale mmodzi, muli anthu othyola zipatso m'minda masana ndi kumenya nkhonya za ndalama zochepa usiku. Katherine Dunn analemba za nkhonya m'nyuzipepala kwa zaka zambiri ku Portland asanayambe kuphunzira yekha ali mayi wamkulu. Thom Jones, mwana wa womenya nkhonya, anali msilikali wa Marines pamene anavulazidwa mutu pa nkhonya ya kukampu asanatumizidwe ku Vietnam. Anayamba kudwala khunyu, anachotsedwa usilikali, ndipo anzake amene anapita kunkhondoko ambiri sanabwerere. Anagwira ntchito yosesa ndi kukolopa pa sukulu ya sekondale kwa zaka zambiri, akuwerenga mabuku m'maola opuma, mpaka magazini ya New Yorker inasindikiza nthano yake mu 1991 ali ndi zaka zoposa 45. Mwa iye mulibe kudzitama kwa kuti ndinaima ndi katswiri. Ankalemba za mankhwala, kugwa mwadzidzidzi, ndi mantha a munthu amene akudziwa kuti mutu wake sulinso bwino.

Jerry Boyd anachita kulowa mochedwa, atayandikira zaka 50, m'majimu a ku Los Angeles. Msinkhu sunamulole kupikisana, choncho anakhala mphunzitsi ndi wosamalira mabala pakona. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi imodzi. Belu likangolira, womenya akakhala pa kampando, iwe upukute magazi, utsindike bala ndi kamtengo ka thonje konyowetsedwa ndi mankhwala a adrenaline kuti mitsempha ifinyike, upsinje chotupa ndi kachitsulo kozizira kochokera mu ayezi, umate Vaseline, zonsezi dokotala akusuzumira kuti aone ngati aimitse nkhonyayo. Ukalephera, mnyamata wako wataya ndalama ya miyezi ingapo. Boyd anali akulemba nthano kwa zaka pafupifupi 40, osindikiza akumubwezera zonse. Yoyamba kulandiridwa, mu 1999 m'kamagazini ka ku San Francisco, inali ya wosamalira mabala. Buku lake la Rope Burns linatuluka mu 2000 ali ndi zaka 70, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera filimu ya Clint Eastwood ya Million Dollar Baby, imene inapata mphotho zinayi za Oscar mu 2005. Mwiniwake sanaione, anamwalira mu September 2002. Pachikuto cha bukulo sanaikepo dzina lake, anadzitcha F.X. Toole, chifukwa sankafuna kuti za kulemba zisakanikirane ndi ntchito yake ya ku jimu.